Kodi ndiwerenge chiyani pa makapeti a Abaluchi?

Mayi wina amene amakhala ku Britain wandilembera imelo. Akuti anagula kakapeti pa okushoni ya katundu wa m'nyumba, kofiira kodera, kosakanikirana ndi buluu woderako, ndipo pa kapepala kake panalembedwa kuti “Baluch” basi. Kuchokera tsiku limenelo mtima wawo wakhala pa makapeti amenewa, moti akufuna kumagula ena pang'onopang'ono. Funso lawo ndi ili: “Ndiyambire buku liti kuti ndidziwe fuko limene linaluka kapeti yangayi, komanso kuti ogulitsa asandipusitse?”

Mayi, zikomo kwambiri polemba. Mabuku ndikutchulirani, koma ndiyambe ndi chinthu chimene chingakupulumutseni ku mutu wopweteka. Olemba mabuku a makapeti amenewa sagwirizana. Kapeti imodzimodziyo, wina aitcha ya fuko la Timuri, wina ya fuko la Mushwani, wina angoti ndi ya ku Khorasan, dera la kumpoto chakum'mawa kwa Iran. Mukawerenga buku limodzi n'kuliloweza ngati katekisimu, mudzakhala otsimikiza zinthu zimene akatswiri enieniwo amakanganabe mpaka lero. Choncho werengani mabukuwa moyang'anizana, ndipo pa dzina lililonse la fuko muzifunsa kuti wolembayu analimva kwa yani: kwa mayi woluka, kwa wamalonda wa mumsika wa ku Mashhad, kapena analitenga m'buku la mnzake.

Gwero la mkanganowu n'losavuta kulimva. Makapeti ambiri a ubweya woimirira amene timawatcha a Abaluchi sachokera ku Baluchistan kwenikweniko, dera lija la kumwera chakum'mawa kwa Iran ndi kumadzulo kwa Pakistan. Amachokera kumpoto kwake: ku Khorasan, m'madera ozungulira Mashhad, Torbat-e Heydarieh ndi Torbat-e Jam, ku Sistan kufupi ndi Zabol, ndiponso kumadzulo kwa Afghanistan, cha ku Herat ndi Farah. Kumeneko Abaluchi akhala moyandikana ndi anthu a mitundu ina, monga Atimuri, magulu a Aimaq, Aluya ndi Akurdi, ndipo onsewa amaluka zofananako. Amalonda anangowaika onse m'thumba limodzi. Ndiye n'zotheka ndithu kuti amene analuka kapeti yanuyo sanali Mbaluchi, ndipo zimenezi sizichepetsa ubwino wake ngakhale pang'ono.

Tsono mabuku. Likanakhala kuti ndi limodzi lokha limene mungakwanitse, ine ndikanati pezani Baluchi Woven Treasures la Jeff W. Boucher, lomwe linatuluka mu 1989. Boucher anali msilikali wa ku America, wa udindo wa Colonel, amene anasonkhanitsa makapeti, matumba ndi nsalu zina za anthu amenewa, ndipo katundu wakeyo tsopano amasungidwa ku Indianapolis Museum of Art. Ndimalikonda bukuli chifukwa cha zithunzi zake. Limaphunzitsa diso. Mukaona zabwino kwambiri kambirimbiri, mumayamba kuzindikira nokha kuti iyi ndi yapakatikati, iyi ndi yofooka, popanda wina kukuuzani. Komanso likuonetsani kuti nkhani si makapeti a pansi okha ayi. Muli balisht, lomwe ndi thumba lalitali lotsamira. Khorjin, matumba awiri olumikizana oika pamsana pa bulu. Ndi sofreh, nsalu yoyalapo chakudya. Kwa munthu amene akungoyamba, tinthu tating'ono timeneti ndiye tokwanira m'thumba, ndipo nthawi zambiri luso la woluka limaonekera bwino pa ito kuposa pa kapeti yaikulu.

Buku limene anthu ambiri amati ndilo linatsegula maso a osonkhanitsa ndi Rugs of the Wandering Baluchi la David Black ndi Clive Loveless, amalonda a makapeti a ku London, la mu 1976. Lisanatuluke, makapeti amenewa ankaonedwa ngati otsika, akuda, ongoyala pakhonde, osafika pa a Turkmen kapena a ku Caucasus. Bukuli linawaika pamalo aulemu. Linasiya kusindikizidwa kalekale, motero mtengo wake kwa ogulitsa mabuku akale umakhala wokwera. Musathamangire kuligula. Poti muli ku Britain, funsani ku laibulale ya kwanuko ngati angakubwerekereni kuchokera ku laibulale ina.

Likamafika lachitatu, likhale la Siawosch Azadi, Carpets in the Baluch Tradition, la mu 1986, lolembedwa m'Chijeremani ndi m'Chingerezi pamodzi. Mutu wake wokhawo ukuvomereza zimene ndanena zija, kuti awa ndi makapeti a mwambo umodzi wolukidwa ndi anthu osiyanasiyana. Azadi amalimba mtima potchula mafuko ndi madera, ndipo ena amamutsutsa pa zimenezo, koma amafotokoza mosamala mmene chilichonse chinalukidwira. Silowerenga utagona, n'lokhala nalo patebulo, kapeti ili pamiyendo.

Pali anthu atatu amene mawu awo ndimawalemekeza mwa njira ina, chifukwa anayendadi m'madera amenewo. Woyamba ndi A. Cecil Edwards, amene anagwira ntchito ya makapeti ku Persia (dzina lakale la Iran) zaka zambiri. Buku lake The Persian Carpet linatuluka mu 1953, iye atamwalira kale, ndipo lili ndi gawo lalifupi lokamba za Abaluchi a ku Khorasan. N'lalifupi, koma olemba ambiri obwera pambuyo anatunga pamenepo. Wachiwiri ndi Dietrich Wegner, dokotala wa ku Germany, amene nkhani yake inatuluka m'Chijeremani mu magazini ya Tribus mu 1980, kenako inamasuliridwa m'Chingerezi mu Oriental Rug Review mu 1985. Wachitatu ndi Jerry Anderson, munthu amene ankakhala ku Pakistan ndipo ankayendayenda m'zipululu pofufuza njoka. Tom Cole anacheza naye, ndipo kucheza kwawoko kunasindikizidwa mu HALI nambala 76, mu 1994. Anderson anatsutsa mayina ambiri amene anthu anali atawazolowera, ndipo nkhaniyo inautsa mkangano waukulu. Muiwerenge mutamaliza Boucher ndi Azadi, osati musanawawerenge, kuti mumve bwino chimene akugwetsa. Musamukhulupirire zonse, komanso musamutaye.

HALI imeneyi ndi magazini ya makapeti ndi nsalu zakale yomwe inayamba ku London mu 1978 ndipo ikutulukabe. Makope ake akale amapezeka kwa ogulitsa mabuku, ndipo ngakhale masamba a malonda a m'menemo ndi sukulu, chifukwa amalonda amaikamo zabwino zawo zenizeni.

Ngati kapeti yanu ili ndi kachipata kumutu kwake, kokhala ngati khomo la makona, ndiye kuti ndi yopempherera, ndipo pali buku la mtundu umenewu wokha, Belouch Prayer Rugs la Michael Craycraft, la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Yambiri mwa makapeti opempherera amenewa imakhala ndi bwalo la mtundu wa ubweya wa ngamila, pakati pali mtengo wa nthambi zowongoka ndi masamba, ndipo m'mbali mwa chipatacho muli tizigawo tiwiri pomwe manja a wopemphera amafikira. Pa nsalu za ku Baluchistan kwenikweniko, zomwe zambiri n'zosalala zopanda ubweya woimirira, onani kabuku ka M. G. Konieczny, Textiles of Baluchistan, kosindikizidwa ndi British Museum mu 1979. Za mbali ya Afghanistan, R. D. Parsons analemba The Carpets of Afghanistan, ndipo iye amakamba ngati munthu wogula mumsika, zimene zimathandiza pa makapeti a zaka zaposachedwa, omwe ndi amene mudzakumane nawo kwambiri pa okushoni.

Koma funso lanu lachiwiri, loti asakupusitseni, yankho lake silili kwenikweni m'mabuku a mayina a mafuko. Lili kumbuyo kwa kapeti. Apa ndikupemphani mupeze Woven Structures la Marla Mallett, la mu 1998. Si buku la Abaluchi okha, koma mayiyu ndi woluka, ndipo amakuonetsani ndi zojambula mmene ulusi umadutsirana. Mukalipeza, tengani kapeti yanuyo, muitembenuze chafufumimba pafupi ndi zenera masana, mutenge galasi lokulitsira zinthu.

Yambani ndi m'mphepete. Pa makapeti ambiri akale a mtundu uwu, mphepete ziwiri zazitali zimakulungidwa ndi ubweya wa mbuzi wakuda kapena wa bulawuni, wokhakhala mukaugwira, wosiyana kwambiri ndi ubweya wa nkhosa wofewa wa pakatipo. Kenako onani kumutu ndi kumiyendo. Kawirikawiri pamakhala chigawo chosalala cholukidwa mizeremizere, nthawi zina chokongoletsedwa ndi timaluwa tating'ono. Chigawochi chimayamba kutha msanga, choncho chikakhala kuti chilipo chonse, mtengo wa kapeti umakwera. Chikadulidwa n'kusokererapo mphonje zatsopano, mudzaona ulusi woyera mbee wosagwirizana ndi thupi lonse. Ulusi wa m'litali pa zakale umakhala wa ubweya, woyererako kapena wosakanikirana ndi wotuwa. Mukapeza thonje, nthawi zambiri ndi chizindikiro choti kapetiyo ndi yaposachedwa kapena ya m'mudzi wokhazikika, ngakhale kuti makapeti a Aluya a cha ku Ferdows amadziwika ndi thonje lomwelo. Pindani kapetiyo pang'ono kuti muone tsinde la mfundo. Zambiri zili ndi mfundo imene imazungulira ulusi umodzi n'kungodutsa pansi pa winawo, yotseguka chakumanzere, koma pali gulu lina lokhala ndi mfundo yozungulira ulusi uwiri wonse, ndipo mabuku amakangana za eni ake a gulu limenelo.

Tsopano itembenuzeninso, muyendetse chikhatho pamwamba pake mwapang'onopang'ono. Pa yakale mudzamva kuti malo a bulawuni wakuda alowa pansi, pamene ofiira ndi a buluu atumphuka. Si njenjete ayi. Ponyika ubweya kuti ude, ankagwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi chitsulo, ndipo chitsulocho chimadya ubweyawo pang'onopang'ono pa zaka zambiri. Osonkhanitsa amakonda zimenezi chifukwa zimapangitsa maluwa kuoneka ngati osema. Dziwani kuti pali achinyengo amene amameta malo akudawo ndi lumo kuti kapeti yatsopano ioneke yakale, ndiye chizindikiro chimodzi chokha chisakukhutiritseni.

Mitundu ndiye nkhani ina yofunika nthawi. Kufiira kwa makapeti akale kumachokera ku mizu ya chomera chotchedwa madder, buluu amachokera ku indigo, ndipo akanyika kawiri amapeza mtundu wa biringanya umene ndi ulemerero wa makapeti a Abaluchi. Yoyera amaigwiritsa ntchito moumira, kadontho apa, kamzere apo. Utoto wopangidwa m'fakitale unayamba ku Ulaya mu 1856, ndipo zaka za m'ma 1800 zisanathe unali utafika kale m'misika ya ku Persia. Mukaona olenji wowala kwambiri, kapena pepo amene pamwamba wasuluka kukhala wotuwa pamene kutsinde akadali wowala, kapena kufiira kumene kwathawira mu zoyera, dziwani kuti pali utoto wa m'fakitale. Sizitanthauza kuti kapetiyo ndi yoipa, koma wogulitsa asakuuzeni kuti ndi ya m'ma 1850. Buku la Harald Böhmer lotchedwa Koekboya limafotokoza za utoto wachilengedwe mwakuya, ngati nkhaniyi ingakukokeni. Ndipo muziona makapeti amenewa padzuwa. M'chipinda chamdima onse amaoneka akuda mofanana. Mukawatulutsa panja m'pamene mumaona kuti buluu ali mitundu itatu, ndipo pali obiriwira amene simunawaone.

Chinthu chimodzi chimandipweteka m'mabuku onsewa. Makapetiwa analuka ndi amayi ndi atsikana, atakhala pansi pa chipangizo cholukira chogoneka, chokhomedwa ndi zikhomo, chimene ankachizula posamuka ndi ziweto. N'chifukwa chake makapeti ambiri ndi opapatiza, ndipo ena amakhota pang'ono mbali imodzi. Koma m'mabuku mawu a amayi amenewa samveka. Timamva amalonda, madokotala ndi asilikali a kunja. Kuti muwadziwe anthuwo monga anthu, werengani nkhani ya Baluchistan mu Encyclopaedia Iranica, yomwe ili pa intaneti mwaulere. Gawo la mbiri ndi chikhalidwe analemba ndi Brian Spooner, katswiri wa chikhalidwe cha anthu amene anachita kafukufuku pakati pawo. Spooner yemweyo ali ndi nkhani ina ya mu 1986, Weavers and Dealers, yofunsa kuti tikamati kapeti ndi “yeniyeni” timatanthauza chiyani, ndipo ndani amagamula. Imakamba za makapeti a Turkmen, koma wosonkhanitsa aliyense ayenera kuiwerenga asanawononge ndalama zambiri. Kudziwa mbiri kudzakuthandizaninso mukakumana ndi makapeti okhala ndi akasinja, mahelikopita ndi mfuti. Amenewo anayamba kulukidwa asilikali a Soviet Union atalowa mu Afghanistan mu 1979, ambiri ndi oluka a mwambo womwewu, ena ali m'misasa ya othawa nkhondo ku Pakistan ndi ku Iran.

Za ndalama, langizo langa ndi lakuti mtengo wa kapeti yachiwiri muugwiritse ntchito pa Boucher ndi Mallett, ndipo mudikire miyezi ingapo musanagulenso. M'miyezi imeneyo muzipita ku masiku oonetsa katundu asanagulitsidwe pa okushoni. Kulowa n'kwaulere, ndipo amalola kugwira ndi kutembenuza. Muzinyamula kabuku kolembamo: mphepete zake zotani, ulusi wa m'litali wotani, mfundo yatsegukira kuti, mitundu ingati. Mukandilemberanso, munditumizire zithunzi zinayi za kapeti yanuyo, zojambulidwa panja masana: yonse kutsogolo, kumbuyo chapafupi, mphepete imodzi, ndi kumutu kwake. Pamenepo tidzatha kukambirana ngati ili ya cha ku Khorasan, ku Sistan kapena ku Herat.