Musamulande pensulo mwanayo, achemwali

Achemwali, mwafunsa ngati si kutaya nthawi kuti mwana wanu azijambula ndi kuimba kusukulu pomwe Chipwitikizi ndi masamu zikumuvuta. Ine ndagwira choko zaka zambiri kuno ku Angónia, ku Mozambique, ndipo ndikukupemphani kuti musamuletse.

Mwana wa kwathu kuno amayamba sukulu akudziwa Chichewa chokha. Akamva aphunzitsi akuyankhula Chipwitikizi amangoti chete, mutu pansi, ena n'kumamuyesa mbuli. Ndinali ndi kamtsikana kotere, miyezi itatu osatsegula pakamwa. Tsiku lina ndinauza ana kuti aliyense ajambule zimene anaona pamsika ku Ulóngué. Iko kanajambula matumba a mbatatesi, njinga yosenza makala, ndi mayi wogulitsa kabichi, mwana ali kumbuyo. Ndinakhala nako pansi n'kumaloza chimodzichimodzi: ichi n'chiyani? Kanayankha m'Chichewa, ine n'kukapatsa dzina la Chipwitikizi. Mawu ake oyamba a Chipwitikizi anatulukira pa chithunzi chakecho, chifukwa pamenepo kanali ndi nkhani yakeyake yoti kanene. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umanditentha, poganiza ana angati amene tinawasiya ali duu chifukwa sitinawapatse mpata wotere.

Masamu nawo ali momwemo. Woluka lichero amawerenga nsungwi, telala amayeza nsalu asanadule, kalipentala amayamba walemba chitseko ndi rula asanagwire sowo. Dzanja limenelo limazolowera mu phunziro la zojambulajambula, lotchedwa Educação Visual.

Koma pena mukunena zoona. Phunziroli nthawi zambiri timaliphunzitsa moipa. Mphunzitsi ajambula duwa pabolodi, kalasi yonse ikopera, iye apereka malikisi, basi. Kumeneko ndiye kutaya nthawi kwenikweni. Timadandaula kuti kulibe mapepala ndi utoto, chonsecho dongo lili kudambo, makala ali kukhitchini, mlaza ndi bango zili pafupi. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale imene inayamba mu 2004 inapatula magawo 20 pa 100 a nthawi ya kalasi kuti ana aziphunzira za kwawo, chimene amati currículo local. Nthawi imeneyo ndi yoitanira agogo oumba mbiya, akuluakulu a ingoma ya Angoni, amayi a chimtali, kuti ana aone ndi maso, agwire ndi manja. M'masukulu amene ine ndadutsamo, kawirikawiri inkangopita osaoneka. Makolo muli ndi mpando m'khonsolo ya sukulu, kafunseni kumeneko kuti nthawiyo ikugwira ntchito yanji.

Ena anena kuti ndiye tibweretse Gule Wamkulu kusukulu, poti bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi timbila, mangolongondo a Achopi a ku Inhambane. Apa ine ndimakana. Mwana aphunzire mbiri yake, adziwe kuti Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakumana chaka ndi chaka pa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi. Koma za kudambwe zili ndi eni ake, mafumu ndi akuluakulu a mwambo. Si za mphunzitsi kuziika pabolodi, ndiponso m'kalasi mumakhala ana a mipingo yosiyanasiyana. Kuveka ana zinyau za makatoni pa tsiku la chikondwerero n'kunyoza mwambo womwe tikuti tikuusunga.

Mwina mukufunsanso kuti kujambula kudzamudyetsa chiyani. Katswiri wojambula Malangatana, amene anabadwira ku Matalana, kummwera kwa Mozambique, mu 1936 n'kumwalira mu 2011, anali mwana wa kumudzi ngati wanuyo, ndipo zojambula zake zinatchukitsa dziko lino kunja. Sindikuti mwana aliyense adzafika pamenepo. Ambiri adzakhala alimi, anamwino, amisiri, ndipo onsewo amafuna diso loona bwino ndi kulimba mtima koima pagulu n'kuyankhula. Mwana amene wachitapo sewero pamaso pa sukulu yonse sanjenjemera akamuitana kubolodi.

Madzulo ano mupatseni kope lakale, muuzeni ajambule khola la mbuzi ndi zonse zili pabwalo panu. Akamaliza, awerenge mbuzizo ndi nkhukuzo, alembe dzina la chilichonse m'Chipwitikizi. Mayina amene amusowa akafunse aphunzitsi ake mawa, kopelo lili m'manja.