Katchulidwe ka -ed m'aneni a Chingerezi

Zikomo achimwene pofunsa chifukwa chimene walked, played ndi wanted amamvekera mosiyana chonsecho onse amathera ndi -ed. Chimene chimalamulira katchulidweka ndi liwu lomaliza la mneni asanalandire -ed, osati lembo limene likuoneka papepala.

Ikani chala pakhosi panu, kenaka tchulani liwu lomalizalo. Ngati pakhosipo sipakunjenjemera, monga zimakhalira ndi p, k, f, s, sh ndi ch, -ed imamveka ngati t, choncho stopped, walked, missed ndi watched onse amathera ndi t. Ngati pakunjenjemera, monga ndi b, g, v, z, m, n, l komanso a, e, i, o, u, imamveka ngati d, ndipo zitsanzo zake ndi robbed, begged, loved, cleaned ndi played. Apa ndi pamene malembo amasocheretsa anthu ambiri, pakuti laugh amalembedwa ndi gh koma amamveka f, pamene x wa mu fix amamveka ks, ndiye laughed ndi fixed nawonso amathera ndi t.

Phatikizo latsopano limabwera pokhapokha mneni akathera ndi liwu la t kapena d, chifukwa t kapena d wachiwiri sangamveke atagundana ndi mnzake. N'chifukwa chake wanted ndi needed ali ndi maphatikizo 2, decided ali ndi 3, koma walked ali ndi limodzi lokha.

Mfundo yomalizayi ndi imene ndikuipempha kuti muisamale kwambiri. Ife amene tinakula tikulankhula Chichewa tinazolowera kuti phatikizo lililonse lithere ndi a, e, i, o kapena u, motero lilime limathamangira kunena kuti "wokedi" kapena "lavudi", ndipo womvera amavutika kwambiri ndi phatikizo lowonjezeralo kusiyana ndi kusokoneza t ndi d. Kuti lilime lizolowere, muziyeserera ndi mawu otsatira amene akuyamba ndi a, i kapena u, monga picked up ndi walked in, n'kumalumikiza t uja ku mawu achiwiriwo.

Dziwaninso kuti afotokozi ena akale monga naked, wicked ndi sacred amatchulidwa ndi phatikizo lonse la -ed, ndipo learned amakhala ndi maphatikizo 2 akamafotokoza munthu wophunzira kwambiri, koma limodzi akakhala mneni.