Kwa asisi amene afunsa za "next Friday"

Asisi, mwati akutumizirani meseji pa Chiwiri yoti mukapezeke ku intavyu ku Lusaka "next Friday", ndiye simukudziwa ngati ndi Chisanu cha sabata ino kapena ya mawa, mwafunsanso kuti "fortnight" n'chiyani. Choyamba musagule kaye tikiti, afunseni deti.

Sikuti Chizungu chanu n'chochepa ayi, mawu amenewa olo eni ake ku England amasiyana pa kamvedwe. Tinene kuti Chiwiri chimenecho ndi pa 3. "This Friday" ilibe vuto, ndi pa 6, Chisanu cha sabata yomwe tilimoyi. Koma "next Friday" wina amatanthauza Chisanu chimene chili pafupi kutsogoloku, pa 6 pomwepo, pamene wina akukamba cha sabata ya mawa, pa 13. Ine ndikaimva pa Chiwiri mtima umapita pa 13, chifukwa akadafuna pa 6 akadangoti "this". Koma ulendo wa makilomita opitirira 500 pa Great East Road siwoyendera kuganizira chabe, mudzuke m'bandakucha kuthamangira basi, muwoloke Luangwa, mukafike atakuuzani kuti mwafulumira ndi sabata yathunthu ndalama ya thiransipoti itapita kale, kapena choipitsitsa mukhale phee kuno ku Chipata anzanu akulowa intavyu pa 6. "Last Friday" nayonso imachita chimodzimodzi mukaimva pa Chiweru kapena pa Sondo.

Zina izi n'zosavuta. Ife tili ndi dzana ndi mkuja, iwo alibe liwu limodzi limene amagwiritsa ntchito masiku ano, amachita kuzungulira, dzana ndi "the day before yesterday", mkuja ndi "the day after tomorrow". Kupitirira apo amangowerenga, "three days ago" ndi kumbuyo, "in three days" ndi kutsogolo. Ife a kuno tinazolowera mailo, liwu limodzi logwira dzulo ndi mawa pomwe, ndiye mukamathandiza ana homuweki muziwakumbutsa kuti Chizungu sichilola zimenezo, "yesterday" ndi "tomorrow" sizibwerekana malo.

"Fortnight" ndi masabata awiri, masiku 14, inachokera ku mawu akale otanthauza mausiku 14. A ku Britain ndi amene amaikonda, a ku America saitchula kawirikawiri, ife timakumana nayo chifukwa Chizungu cha m'masukulu ndi m'maofesi athu chinachokera ku Britain. Kochokera komweko kuli "a week today", kutanthauza tsiku ngati lalero sabata ya mawa, ndi "a week on Monday", apa mumapeza Mande ikubwerayi kenako n'kuwonjezera masiku 7.

Manje pali awiri amene amafanana koma ali kutali. "The other day" si tsiku linalo lakutsogolo ayi, ndi tsiku lina posachedwapa m'mbuyomu, ngati mmene timati tsiku lija. Pomwe "every other day" ndi kudumpha tsiku limodzi, lero inde, mawa ayi, mkuja inde. Iyi ndimaikamba mobwereza chifukwa imapezeka pa mankhwala ndi pa zotsuka chilonda, munthu akaimva ngati tsiku lililonse ndiye kuti wamwa kuwirikiza kawiri. Mukakayikira afunseni a nesi musanachoke pa kiliniki, makamaka ngati mankhwalawo ndi a mwana kapena agogo.

"The following day" kapena "the next day" siwerengedwa kuchokera lero, imawerengedwa kuchokera tsiku limene latchulidwa mu nkhaniyo. Akalemba kuti intavyu ndi pa 13 ndipo zotsatira zituluka "the following day", ndi pa 14.

Popeza ndi nkhani ya ntchito, yang'ananinso meseji ija ngati muli "by". Akati tumizani masatifiketi "by Friday" ndiye kuti Chisanu ndi tsiku lomaliza, mutha kutumiza olo lero, musadikire. "Within 5 working days" amachotsamo Chiweru, Sondo ndi maholide, mwachitsanzo sabata ya Heroes ndi Unity mu Julaye, Mande ndi Chiwiri zonse siziwerengedwa. Ndipo akakupatsani deti ya manambala okhaokha ngati 06/07, kuno ku Zambia timayamba ndi tsiku, ndi pa 6 Julaye, koma ngati wolembayo ndi wa ku America amayamba ndi mwezi, kwa iye ndi pa 7 Juni.

Musaope kuti mukafunsa aziti simudziwa Chizungu, wa mu ofesi aliyense wanzeru amaona kuti ndinu munthu wosamala. Alembereni mwachidule lero lomwe maofesi asanatseke, "Kindly confirm the date and time of the interview, I am travelling from Chipata". Akayankha ndi deti, meseji imeneyo musaifufute, mukaionetse pa geti ngati atakufunsani.