Za bondo lanulo, achimwene

Achimwene, mwanditokosa pachilonda. Zoti mubwerere m'bwalo kapena mungosiya chifukwa cha bondolo, ine zinandigwerapo.

Tsiku limene Mariano Rivera, katswiri woponya mpira pa masewera a baseball, anagwa ku Kansas City, mu Meyi 2012, ndinali pa shifiti kuno ku Bronx, mu mzinda wa New York. Nditaona pa TV ndinangogwira bondo langa. Gemu inali isanayambe n'komwe. Ankathamangira mipira anzake akuphunzira kumenya, mwendo unakodwa pafupi ndi mpanda, mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL n'kuduka. Bambo wa zaka 42, mwana wa msodzi wa ku Puerto Caimito ku Panama, amene ntchito yake ku timu ya Yankees inali kulowa inning (chigawo cha gemu) yomaliza, kuponya cutter, mpira wake wokhota uja wothyola ma bat (ndodo zomenyera mpira), n'kutseka gemu. Tonse tinati watha. Koma timu inamudikira. Anachitidwa opaleshoni, mu 2013 anabwerera n'kupanga ma save 44 (magemu amene anatseka timu ili patsogolo n'kupambana), ndipo anapuma ali ndi ma save 652 onse pamodzi. Mu 2019 analowa mu Hall of Fame, gulu laulemu la akatswiri a baseball, popanda voti ngakhale imodzi yomukana.

Nanga ine? Langa linaduka ndili kumudzi, pa mpira wamiyendo, Lamlungu masana. Linalira kuti phwa, ngati nkhuni youma, mpaka goloboyi anamva. Kochi wathu anabwera ndi ndowa ya madzi, kundithira, kumanga bandeji, ati dzuka ndiwe mwamuna. Ine ndi uchitsiru wanga ndinadzuka, n'kuseweranso mpaka wezulo yomaliza, mwendo ukugwedera ngati si wanga. Usiku bondo linatupa ngati dzungu. Mayi anachita kung'amba buluku ndi lezala, akulira. Kuchipatala ananditengera pa njinga ya aneba, bampu iliyonse ine kukuwa. Kochi uja sanapondeko kwathu. Patatha masabata awiri anatuma kamwana kudzatenga jezi ndi nsapato. Jezi! Munthu ameneyo ndikamukumbukira mpaka lero mtima umawira. Kukazizira kuno ndimakwera masitepe a pa siteshoni ya sitima ya sabuweyi ngati agogo.

Ndiye pitani akakujambuleni bondolo, mumve za adokotala, osati za kochi kapena anzanu okuuzani kuti pirirani. Inu si Rivera, palibe timu imene idzakulipirireni chilichonse. Komabe musasiye mpira. Likangophwa, adokotala n'kuvomera, yambani kuthamanga pang'onopang'ono, chifukwa malo anu akapatsa wina sabwezanso. Ine ndikanakhala ndi zaka zanuzo, bwenzi Loweruka lomweli ndili m'bwalo.