Kwa achimwene afunsa za mbalame za type ku myuziyamu

Achimwene mwafunsa kuti ku myuziyamu amadziwa bwanji kuti kachikopa ka mbalame aka ndiye type, ndipo ngati amangosankha kokongola kwambiri mu dilowamo. Ayi ndithu, kukongola sikulowapo apa. Type ndi mbalame yeniyeni ija imene munthu wopereka dzina anali nayo m'manja tsiku lomwe ankalemba kuti uwu ndi mtundu watsopano. Kaya inathothoka nthenga, kaya mchira unathyoka, dzina limamangiriridwa pa iyoyo basi. Mawa akatswiri akakangana kuti mbalame ziwirizi ndi mtundu umodzi kapena iwiri, amabwerera kwa iyo kukaona kuti dzinalo ndi la iti.

Ikakhala imodzi yokha amati holotype. Koma akalekale ambiri sankasankha imodzi, amangoyala zikopa zisanu patebulo nkulemba, ndiye zonsezo zimatchedwa ma syntype, ndipo wina pambuyo pake atha kutolapo imodzi nkuilengeza poyera kuti lectotype. Zonse zikatayika mpamene amaika chikopa china cholowa m'malo, chotchedwa neotype, ngati pakufunikadi. Zimatayikatu, myuziyamu ya Bocage ku Lisbon inapsa mu 1978 ndipo ma type ambiri a ku Angola anapita ndi motowo. Malamulo apadziko lonse operekera maina a sayansi a nyama, otchedwa ICZN, anakhwimitsa zinthu, kuyambira 2000 dzina latsopano la mtundu silivomerezeka ngati simunatchule type yake.

Tsono pa kudziwa kwake mpamene pali ntchito. Mukatsegula dilowa mupeza kambalame kagona chagada, mkati anaikamo thonje, m'maso mukuoneka thonje loyera, timiyendo atipingasa ndipo pakamwendo pamangidwa timapepala ndi ulusi, nthawi zina tiwiri kapena titatu. Ka type kamakhala ndi lebulo yofiira. Koma chonde musakhulupirire kufiirako kokha, lebulo yofiira anamangapo ndi munthu, mwina patapita zaka 60, ndipo anthu amalakwitsa. Wofufuza weniweni amayamba ndi nkhani yoyamba imene dzinalo linasindikizidwamo, aone kuti wolembayo anati mbalame zinali zingati, anaipha ndani, kuti, liti, yaimuna kapena yaikazi, phiko ndi mlomo zinali mamilimita angati. Kenako atenge kalebulo koyambirira ka wosonkhanitsa uja, ayerekeze tsiku ndi malo ngakhale kalembedwe ka dzanja, apite mu kaundula wa myuziyamu aone nambala ndi chaka chimene chikopacho chinalowa. Ngati chinafika dzina litasindikizidwa kale ndipo palibe chosonyeza kuti wolembayo anachionapo, pamenepo pali funso lalikulu. Pomaliza ayezenso phiko yekha.

Ine chimene chimandikhudza nchakuti nkhaniyi ndi yathunso. Alexander Whyte, yemwe dzina lake lili m'dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, ankasonkhanitsa mbalame ku Zomba ndi ku Mulanje nkumatumiza ku London, ndipo mu 1893 G. E. Shelley anapereka dzina loti Apalis flavigularis ku kambalame kapakhosi pachikasu kamene sikapezeka kwina kulikonse padziko koma m'mapiri athu a kummwera. Mbalame ina yotchedwa Thyolo Alethe nayo W. L. Sclater anaitcha choloensis mu 1927, chifukwa nthawi imeneyo azungu ankalemba Cholo. Ndiye mukamasaka m'makaundula akale musalembe Thyolo kapena Mulanje pokha, yesaninso Cholo, Mlanje, Milanji, Nyasaland, apo ayi mudzaganiza kuti kulibe kanthu. Mbalame za Natural History Museum pano zimasungidwa ku Tring ku England, zikopa pafupifupi 750,000, ndiye mwana wa ku Malawi wofuna kuona zambiri mwa zikopa zakale za kwawo ayenera kulemba kalata kupempha zithunzi kapena kukwera ndege. Zimandiwawa ndithu zimenezi.

Komanso lebulo imatha kunama dala. Richard Meinertzhagen, msilikali wa ku Britain yemwe ankasonkhanitsa mbalame, ankaba zikopa m'myuziyamu nkumangapo malebulo ake okhala ndi malo abodza, Alan Knox ndi amene anaulula poyera mu 1993. Kadzidzi wina wa ku India, Forest Owlet, anthu anamusaka malo olakwika chifukwa cha lebulo ya Meinertzhagen yonena kuti anamupha ku Gujarat mu 1914. Pamela Rasmussen ndi anzake ataunika mmene chikopacho anachikonzera, mpaka ndi X-ray, anapeza kuti chinali cha James Davidson cha m'zaka za m'ma 1880, ndipo mu 1997 anakampeza kadzidziyo wamoyo. Chikopa chimenecho sichinali type, koma njira yake ndi yomweyo imene amagwiritsa ntchito pa type yokayikitsa, amaona kasokedwe, thonje la mkati, ngakhale mfundo ya ulusi wa pamwendo.

Ngati muli ndi chithunzi cha chikopa chimene chakupangitsani kufunsachi tiponyereni muno, koma mujambule malebulo onse kutsogolo ndi kumbuyo, nambala ioneke bwinobwino, tiyambire pamenepo.