Si paipi yomwe yawononga chikhodzodzo cha bambo anu

Achemwali ena a ku Bangula andilembera kuti bambo awo anatsekeka mkodzo masiku awiri. Kuchipatala anawaika paipi, mkodzo unatuluka ndi timagazi, ndipo ataichotsa akulepherabe kukodza. Achibale akuti paipiyo ndi yomwe yawapundula. Kodi n'zoona?

Achemwali, funso lanu landiwawa, chifukwa mawu omwewo ndinawamva pakhomo pa malume anga ku Ngabu. Iwo anagona usiku wonse akubuula, chinena chitatupa gwa, koma anakana kuti ana adziwe. Nkhani ya kumaliseche munthu wamkulu sauza mphwake. Kutacha anaitanitsa sing'anga, yemwe anati wina wawamanga, n'kuwapatsa mizu yoti amwe kapu ndi kapu. Taganizani, madzi akulowa, potulukira palibe! Azakhali anafika pogulitsa mbuzi kuti alipire. Pamene tinkawakweza pa kabaza, anali asakuthanso kukhala tsonga. Ndipo mudzi wonse, womwe unakhala chete masiku onsewo, unadzapeza pakamwa pomwe unaona thumba la mkodzo likulendewera m'chitenje.

Izi zimandikwiyitsa. Kuno kuchigwa anthu ambiri tinakula tikusamba m'madambo a Shire, ndipo likodzo linatizoloweretsa kuona magazi mumkodzo ngati si kanthu. Mazira a tizilombo ta likodzo amakhala m'khoma la chikhodzodzo n'kusiya zipsera. Ukalamba ukafika, prostate (kachiwalo ka amuna kozungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo) n'kutupa, chikhodzodzo chimakhala chitavutika kale. Ngakhale oweta amadziwa kuti mfule ikatsekeka ndi timiyala, ikachedwa chikhodzodzo chimaphulika. Mbuzi timaithamangira, mkulu wa pakhomo timati tione mawa.

Zomwe anaona pa nyama

Ofufuza monga Robert Levin ndi anzake ku America anagwira ntchito zaka zambiri pa akalulu, ena pa makoswe. Ankachepetsa njira ya mkodzo kapena kudzaza chikhodzodzo mopitirira, kenako n'kuchiyeza. Chikatamuka kwambiri, timitsempha ta magazi ta m'khoma lake timafinyika, mnofu umasowa mpweya, ndipo minyewa yomwe imauza mnofuwo kuti ufinye mkodzo imayamba kufa. Kutsekekako kukapitirira, khoma limanenepa, mnofu umalowedwa m'malo ndi chipsera cholimba chomwe sichifinya. Chikhodzodzo cha munthu chimasunga pafupifupi theka la lita, koma wotsekeka amatha kusunga kupitirira lita.

Pali pena pomwe achibale anu akukhudza choonadi pang'ono. Pa nyamazo anaona kuti mkodzo ukatulutsidwa, magazi akabwerera m'khoma lomwe linauma, maselo ena amavulalanso. Koma chovulazacho chinayambira pa kutamuka kuja. Popanda paipi mkodzo ukanabwerera ku impso, ndipo bwenzi tikukamba zina. Timagazi mwaonato timachitika, nthawi zambiri timasiya tokha.

Tsono paipi abwezeretse, chikhodzodzo chipume. Funsani adokotala za mankhwala a tamsulosin, othandiza kumasula njira ya mkodzo, asanayesenso kuichotsa, ayeze impso, prostate ndi likodzo, ndipo ngati pakufunika opaleshoni apemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre. Thupi likatentha kapena paipi ikaleka kutulutsa mkodzo, pitani tsiku lomwelo.