Yankho kwa Amalume pa za mankhwala otsuka m'mimba

Amalume, ndalimva funso lanu, loti popeza makina a CT amaona m'kati mwa munthu, pali chifukwa chanji chomwera mankhwala otsuka m'mimba amene adokotala akupatsani. Pempho langa ndi lakuti mumwe onse, pa nthawi imene mwauzidwa, ndipo ndifotokoze chifukwa chake.

Chimene madokotala akufunafuna pokujambulani ndi CT ndi tizotupa timene timamera m'thumbo lalikulu, chifukwa tina mwa ito, pakapita zaka, timasanduka khansa. Makinawo saona mtundu wa chinthu monga limaonera diso, amangoonetsa kaumbidwe ndi kulimba kwake. Ndiye chimbudzi chotsalira, mundikhululukire potchula zimenezi pagulu, chikamatirira m'mbali mwa thumbo chimafanana kwambiri ndi kachotupa, ndipo munthu angathe kutumizidwa kukayezedwanso popanda vuto lililonse. Chimene ndimaopa koposa ndi chakuti zotsalirazo zingathe kukwirira kachotupa kenikeni, inu n'kubwerako mutauzidwa kuti muli bwino.

N'chifukwa chake amakuuzani kuti muchepetse zakudya zosiya zotsalira zambiri m'matumbo, kenako mumwe zamadzimadzi zokhazokha. Mankhwala ena akumwa otchedwa barium kapena ayodini musawanyoze poona kuchepa kwake, pakuti amachititsa kuti chilichonse chotsalira chioneke choyera pachithunzi, motero dokotala woona chithunzicho amachisiyanitsa ndi mnofu. Patsikulo adzalowetsa kapaipi kakang'ono kumbuyo n'kupopera mpweya wa carbon dioxide kuti thumbo lifutukuke, ndipo adzakujambulani mutagona chagada, kenako chafufumimba, chifukwa nthawi zambiri zotsalira zimasuntha munthu akatembenuka pamene kachotupa kamakhala pomwepo. Sapatsa munthu mankhwala ogonetsa, ndipo zimatenga mphindi 15 kapena kucheperapo.

Pa kafukufuku wa ku America wa mu 2008, wa anthu oposa 2,500, njirayi inapeza anthu 90 mwa 100 alionse amene anali ndi zotupa za mamilimita 10 kapena kuposerapo, koma kumbukirani kuti anthuwo anali atatsuka m'mimba. Tizotupa tosafika mamilimita 6 ndi tina taphwatalala timaphonyeka kawirikawiri ngakhale m'thumbo loyera, nanga kuli bwanji m'thumbo losatsuka bwino? Mudziwenso kuti akapeza chotupa, CT siichotsa, ndiye padzafunika colonoscopy, njira yolowetsa kapaipi ka kamera m'thumbo kuti achione ndi kuchichotsa.

Usiku wa mankhwalawo udzakhala wotopetsa, sindikubisirani, choncho muzimwa madzi ambiri kuti thupi lisaume, ndipo pakhale wina pafupi. Popeza mumamwa mankhwala a shuga, muimbire adokotala lero lomwe akuuzeni kamwedwe kake pa tsiku losadya, ndipo muwauzenso ngati muli ndi vuto la impso, ngati mumamwa mapiritsi owonjezera magazi, kapena ngati thupi lanu limadana ndi ayodini. Mukasanza kapena mukalephera kumaliza, mukanene musanagone pamakinapo, kuti iwo aone ngati kuli bwino kusintha tsiku.